Chimbale chabwino sachimvera pa kasipika ka foni

Mkangano woti chimbale chopambana ndi chiti sutha pa Facebook pano, ndipo mbali yanga ndi iyi: pamwamba pali Kuimba 1 cha Evison Matafale, cha 1999, kenako Son of a Poor Man cha Lucius Banda, kenako Zani Muwone cha Wambali Mkandawire. Wina aike zake, palibe mlandu. Koma achinyamata amene akumati nyimbo zakalezi ndi phokoso lokhalokha musawakalipire msanga. Afunseni kaye kuti akumvera pachiyani, nanga nyimbozo anazitenga kuti.

Rege ya ku Chileka imayenda ndi besi. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi imatsika mpaka cha pa 41 Hz (muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa liwu), pomwe kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu otsika choncho ngakhale pang'ono. Ndiye munthu akumva mawu a woimba, kiyibodi ndi timbale ta ng'oma tikuti tsetsetse, koma chimene chimavinitsa anthu chasowa. Akati nyimboyo ndi yozizira, wanama pati?

Vuto lina ndi kumene nyimbozo zikuchokera. Zambiri zomwe zili m'mamemori khadi zinakopedwa ku tepi yotopa kale, n'kusandutsidwa MP3 ya 128 kbps kapena yochepera apo (nambalayi ikachepa, mawunso amachepa kukoma), wina n'kuiika pa vidiyo, winanso n'kuichotsa pa vidiyopo kuibwezera ku MP3. Nthawi iliyonse imene MP3 yapanikizidwanso, mawu ena amatayika ndipo sabwerera. Kwa anyamata obena nyimbo mumapezanso chimbale chitamwazikana: nyimbo zasanjidwa motsata zilembo, ina yasowa, ina ndi ya chimbale china. Chonsecho nthawi ya matepi oimba ankaganizira bwino nyimbo yotsegulira mbali A ndi yotsegulira mbali B, chifukwa womvera sankadumphadumpha monga tikuchitira lero. Kumvera chimbale mosakaniza kuli ngati kuyamba ndiwo, nsima n'kudzadya mawa.

Choncho amene muli ndi matepi enieni m'katoni, aja munkagula kwa O.G. Issa ku Limbe kapena kwa mavenda, muli ndi chuma, koma chikuwonongeka. Kutentha kumapinda tepi, chinyezi chimabweretsa chuku, ndipo maginito a sipika amafufuta mawu, ndiye katoniyo isakhale pamwamba pa sipika kapena pafupi ndi malata.

Musanaike tepi yomwe mumaikonda m'wailesi yomwe yakhala zaka osagwira ntchito, yesani kaye ndi tepi yopanda ntchito. Wailesi ikamadya tepi, kawirikawiri wolakwa ndi kagudumu ka labala kamene kamapanikiza tepi ku kachitsulo kozungulira. Kakada kapena kakauma, tepi imamatirira n'kukulungika. Pukutani kagudumuko, kachitsuloko ndi hedi (kachitsulo kamene kamawerenga mawu pa tepi) ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiriti woyera wotchedwa isopropyl, mudikire ziume. Sipiriti wofiirira uja amasiya utoto, musamugwiritse ntchito. Mawu akamakoka kapena kunjenjemera, ndiye kuti lamba wa m'kati mwa wailesi, amene amazunguza tepi, watamuka. Ameneyo ngofunika kusintha, palibe kuchitira mwina. Tepi imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi, ikachedwa pang'ono chabe woimba amamveka ngati wadzuka kumene.

Yang'ananinso kasetiyo. Pakati pake, kuseri kwa tepi, pali kansalu kakang'ono kamene kamakankhira tepi ku hedi. Kakagwa, mawu amamveka patali ngati akuchokera kwa aneba. Kamateni ndi kadontho ka guluu, osakhudza tepiyo. Ngati tepi yakhwepa, ikokeni ndi bolopeni, kenako muiyendetse mpaka kumapeto n'kuibweza kuti isanjike bwino.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa, ndipo n'chimene chimasiyanitsa kope labwino ndi loipa. Pambali pa hedi pali kasikulu kokhala ndi sipuling'i, kamene kamapendeketsa hediyo. Matepi ambiri a kuno ankakopedwa mothamanga pamakina osiyanasiyana, ndiye kapendekedwe kake sikafanana. Tepi ikulira, potokolani kasikuluko pang'onopang'ono, osafika ndi theka lomwe la kuzungulira, uku mukumvetsera timbale ta ng'oma. Pamene tamveka mowala kwambiri, siyirani pomwepo. Muzichita zimenezi pa tepi iliyonse, nthawi zina mbali iliyonse.

Pojambulira pa kompyuta, tengani mawu ndi waya kuchokera potulukira mawu pa wailesi, polembedwa kuti line out, osati kuika foni pafupi ndi sipika. Polowera maiki pa laputopu pamaphwanya mawu ndipo nthawi zambiri pamatenga mawu a mbali imodzi yokha, ya kumanzere kapena ya kumanja. Kachipangizo ka USB kokhala ndi line in ndiye kabwino. Pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity ndi yaulere. M'pulogalamumo ikani muyezo wojambulira pa 44.1 kHz, mukweze voliyumu mpaka mawu okwera kwambiri azifika cha pa -6 dB pa mita yoonetsa mphamvu ya mawu, asagunde 0, chifukwa mawu akaphwanyika pojambula sakonzeka. Sungani ngati WAV, fayilo yosapanikiza mawu: mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB, ndiye tepi ya C60 (ya mphindi 60) yodzadza ndi cha m'ma 600 MB. Kuchokera ku WAV imeneyo mupange MP3 ya 320 kbps ya pafoni, kamodzi kokha. Batani lochotsa kaphokoso ka tepi musalikondetse, limapita ndi kukoma kwa magitala.

Izi n'zosungira tepi yanu, osati zokagulitsa. Chimbale chikamapezeka mwalamulo, gulani, ana a oimbawa adyeko. Pomaliza, dzina la nyimbo iliyonse liyambe ndi nambala, 01, 02, 03, monga zalembedwera pa chikuto, apo ayi foni izisanjanso mwa iyo yokha. Mukatero mupatseni mnyamata uja mahedifoni ophimba makutu, amvere mbali A yonse osadumpha, kenako mukangane bwino za chimbale chopambana.