Agogo akathyoka tisamangoti ndi ukalamba

Azakhali anga anaterereka pakhonde akukolopa, n'kutsamira dzanja. Kugwa kwake kunali koti mwana akanangodzuka n'kusasa fumbi, koma iwo dzanja linathyoka. Kuchipatala anawaika chikhakha, ife n'kumati basi, ndi ukalamba. Patatha zaka ziwiri anagwanso kubafa, ulendo uno linathyoka fupa la m'chiuno. Mpaka lero amayendera ndodo.

Chimandiwawa n'chakuti tonse, ndi ine ndemwe, palibe anafunsa kuti fupa la munthu wamkulu lathyoka bwanji mophweka chonchija.

Awa ndi matenda, dzina lake osteoporosis. Fupa limatha m'kati ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe, kunja likuoneka labwinobwino, ululu osamva. Mafupa amamaliza kukhwima munthu akamafika zaka pafupifupi 30, ndipo mayi akasiya kusamba, homoni ya estrogen, yomwe imateteza mafupa, imatsika m'thupi, mafupa n'kuyamba kutha msanga. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati mwa anthu opitirira zaka 50, mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu amathyoka fupa chifukwa cha matendawa.

Palinso mankhwala ena amene amafooketsa mafupa. Prednisolone uja anthu amangogula pafamase miyendo ikamawawa, n'kumamwa miyezi ndi miyezi, amadya mafupa. Tenofovir wa mu ma ARV ndi jakisoni wolera wa Depo nazonso zimachepetsako mphamvu ya mafupa. Chonde wina asamve zopotoka: ma ARV osasiya ayi. Kungoti adokotala azifunsidwa.

Makina oyezera mafupa, a DXA, ndi osowa kwathu kuno, inde. Koma maso tili nawo. Agogo akamafupika msinkhu, msana n'kumapindika, kapena akathyoka atangogwa chiimire, chikhakha chokha sichikwanira. Mankhwala olimbitsa mafupa alipo, monga alendronate: kamodzi pa sabata, m'mawa usanadye, ndi kapu yodzaza madzi, osagona pansi kwa mphindi 30.

Ndipo usipa ndi bonya zomwe ena m'tauni muno amati ndi ndiwo za pakati pa mwezi, timadya ndi minga yomwe, m'mene muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Vitamini D, wothandiza thupi kugwiritsa ntchito kashiamuyo, dzuwa limapereka laulere, nanga ena timangochoka m'galimoto n'kulowa mu ofesi.

Mayi anga akwanitsa zaka 61 chaka chino. Tsiku lina titaima limodzi kutchalitchi ndinaona kuti akundilekeza m'phewa, pomwe kale timalingana. Lolemba ndikupita nawo kuchipatala.