Chitseko chakale si nkhuni

Abale anga a ku Dedza ndi ku Ntcheu, pali khalidwe lathu lina limene limandiwawa mtima. Nyumba yakale ikamagumulidwa pa boma kapena pamsika, njerwa timazisanja bwinobwino, malata timawasunga, koma zitseko, mafelemu ndi mitanda ya denga zimathera pamoto wophikira nsima ya aganyu. Chonsecho ambiri mwa matabwa amenewo ndi mlombwa ndi mbawa, mitengo imene lero wocheka amayenda tsiku lathunthu osaiona.

Ife tomwe tikafika kwa kalipentala, kaya pa Bawi kaya pa Linthipe, funso lathu loyamba ndi lakuti, "Bambo, uwu ndi mlombwa weniweni?" Za kumene mtengowo unagwetsedwa sitifunsa. Mmisiri safuna kutaya kasitomala, ndiye amatuma wocheka, wochekayo n'kulowa m'phiri. Mlombwa umakula pang'onopang'ono. Kuti ufike potulutsa thabwa la tebulo pamadutsa zaka makumi ambiri, moti amene waudula sadzaona wina utakula pamalo pomwepo. Anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka sanaiwale 2018, pamene damu la Mpira linaphwa, mipopi n'kuuma. Madzi a damu limenelo amachokera m'nkhalango ya Mvai. Sindikunena kuti mabedi ndiwo anaumitsa damu, chifukwa makala, minda ndi kuchepa kwa mvula zili ndi mbali yaikulu, koma nkhwangwa yocheka matabwa nayonso imalowa m'nkhalango zomwezo. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, komabe lamulo limagwira wonyamula thabwa pamsewu, wogula ali phee pampando wake.

Chimene ndikufuna timvetsetsane ndi ichi: thabwa lakale nthawi zambiri limaposa latsopano. Thabwa lochekedwa sabata yatha limakhala lidakali ndi madzi. Mmisiri wofulumira ndalama amalipala, amalipaka vanishi, inu n'kukweza kabati yonyezimira pa lole. Likafika dzuwa la Okutobala thabwalo limaumira m'nyumba mwanu, limapindika, limang'aluka, madirowa n'kuyamba kukana kutseka. Chitseko chimene chakhala panyumba zaka 40 chinamaliza kalekale zonsezo. Chinaona chisanu cha Juni cha kuno kwathu, chinaona mvula, ndipo pamene chaima chaima. Mtima wa mlombwa chiswe sichiulowa wamba, n'chifukwa chake mukapala utoto wakalewo mumapeza mkati muli mofiirira bwino ngati munachekedwa dzulo. Timabowo ta misomali si vuto: utuchi wa thabwa lomwelo wosakaniza ndi guluu umatseka, ndipo ine sindiona chifukwa chotibisira tonse.

Kwa amisiri, apa m'pamene luso lanu limaonekera. Thabwa lakale silikulolani kukopera chithunzi cha pa foni. Mumayamba mwaona chimene muli nacho, kenako n'kuganiza chimene chingatuluke. Chitseko chimodzi ndi pamwamba pa tebulo lodyera. Mafelemu ndi miyendo ya bedi. Tizidutswa totsala n'timipando ta kukhitchini ndi mashelefu. Ndipo palibe chifukwa chothera mtengo wolimba pamalo osaoneka. Kumbuyo kwa kabati ndi m'kati mwa madirowa mukhoza kuikamo paini, amene tili naye pompano ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza, mtengo wobzalidwa kuti udzakololedwe ndi kubzalidwanso. Malaina ndi wopepuka, amapalika bwino. Bulugama ndi wolimba zedi, kungoti amafuna kumuumitsa pang'onopang'ono pamthunzi, matabwa atasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, apo ayi amang'aluka. Mango okalamba amene agwa ndi mphepo amatulutsa thabwa la mawangamawanga lokongola kwambiri, koma ife timangowaotchera njerwa. Za nsungwi sindinenanso. Malichero ndi madengu timaluka, nanga mpando ungatikanike bwanji?

Boma la Dedza lili ndi sukulu ya zankhalango ku Chongoni, lili ndi osema a ku Mua amene ntchito zawo zimakafika kutali kuyambira pamene malo a zachikhalidwe ndi zosemasema a Kungoni anatsegulidwa mu 1976. Anthu odziwa mtengo tili nawo. Chikusowa ndi ogula olemekeza thabwa lakale.

Ndipo apa ndiwaikire kumbuyo akalipentala. Ambiri tikamva kuti matabwa ndi akale timafuna mtengo utsike ndi theka, ati n'zotola. Ayi ndithu. Kuzula misomali ya dzimbiri umodziumodzi, kupala utoto, kudula pofumbwa ndi kulumikiza zidutswa zosiyana kukula ndi ntchito yoposa kupala thabwa latsopano. Msomali umodzi wobisika umabenthula mpeni wa puleni, ndipo wonola kapena kugula wina ndi mmisiri yemweyo. Tikapitiriza kunenerera mpaka munthu kugwira ntchito yaulere, abwerera kwa wocheka wa m'phiri, chifukwa ana ake akufuna kudya.

Si thabwa lakale lililonse loyenera kulowa m'nyumba. Mapolo akale a magetsi anawanyika m'mankhwala oopsa. Musapangire tebulo lodyera, ndipo musawasonkhezere moto. Utoto wakale ukhoza kukhala ndi mtovu, ndiye popala muzitseka kumphuno ndi kukamwa, ana akhale kutali ndi fumbi lakelo. Mapaleti onyamulira katundu ndi abwino pa mabenchi ndi mashelefu, koma yang'anani chidindo cha m'mbali: pakalembedwa HT ndiye kuti anangowatenthetsa pophera tizilombo, pakalembedwa MB anawafukiza mankhwala, amenewo asiyeni. Asiyeninso othimbirira ndi mafuta kapena onunkha mankhwala a m'munda.

Inu amene mukuganiza zogumula nyumba, sitolo, kapena a komiti ya tchalitchi amene mukusintha mabenchi chaka chino, itanani kalipentala aganyu asanafike ndi zitsulo zawo. Achotse yekha zitseko ndi mafelemu mosaphwanya, muwasanje pamthunzi pamwamba pa njerwa kuti asakhudze dothi, ndipo mugwirizane mtengo kapena mugawane, theka lake, theka akupangireni mipando.