Mjigo wa mnansi ndi masheya a mafuta: Zambia, Namibia, Zimbabwe ndi Malawi

Alamu anga anandipeza Loweruka ku Kamwala ndikugula simenti, foni ili m'manja, maso ali gwa pa mapu a nyanja ya ku Namibia. Mapuwo anali odulidwadulidwa ngati minda. "Alamu, taonani apa," anatero akuloza ndi chala. "Apa ndi pamene apeza mafuta. Kakampani aka munda wake uli pafupi pomwepa, ndipo sheya yake ndi yotchipa kuposa botolo la Maheu." Ndalama ya chilimba inali itangowapeza, ndipo ankafuna kuiponya yonse pamenepo, kugula masheya, omwe ndi timagawo ta umwini wa kampani.

Ndinawakumbutsa za mijigo ya ku Chalala. Aliyense amene anamangako kumeneko akudziwa kuti mnansi amatha kupeza madzi pa mamita 40, iwe n'kuitana galimoto yomweyo, kuboola kuseri kwa mpanda womwewo, n'kutulutsa fumbi lokhalokha. Mwala wapansi sudziwa malire a puloti. Mafutanso ndi chimodzimodzi, kungoti chitsime chimodzi cha m'nyanja yakuya chimadya madola mamiliyoni ambirimbiri.

Ku Namibia ndiko kwaonetsa bwino zimenezi. Kumayambiriro kwa 2022 Shell inalengeza kuti yapeza mafuta pa chitsime cha Graff, TotalEnergies nayo pa Venus, m'dera la Orange Basin, kumene madzi amafika mamita pafupifupi 3,000 usanakhudze pansi. Mu 2024 Galp inapezanso pa Mopane. Timakampani tokhala ndi kagawo m'minda yoyandikana tinakwera mtengo chifukwa cha fungo lokha. Koma mu Januwale 2025 Shell yomweyo inafafaniza m'mabuku ake madola pafupifupi 400 miliyoni, chifukwa mafutawo alipo koma mwala wake ndi wothina, satuluka mokwanira kuti abweze ndalama. Mwezi womwewo chitsime cha Chevron cha Kapana sichinapeze mafuta ogulitsika. Chimene chimandipweteka pa njira ya ku Namibia n'chakuti masheya a timakampaniti amagulitsidwa kwambiri ku Toronto, London ndi Sydney. Boma limatenga gawo lake kudzera ku kampani yake ya mafuta ya NAMCOR, koma malonda enieni amachitikira kutali, ndipo uthenga ukamafika pa WhatsApp ya ku Lusaka, amene anagula msanga amakhala akufuna wogula masheya awowo.

Zimbabwe inachita mosiyana, ndipo ine ndimaiyamikira pamenepa. Invictus Energy, kampani ya ku Australia imene inaboola Mukuyu-1 mu 2022 ndi Mukuyu-2 mu 2023 ku Muzarabani, tsidya lina la Zambezi, inalengeza kuti yapeza gasi, kenako mu 2024 inalowanso pa msika wa Victoria Falls Stock Exchange, umene umagulitsa m'madola. Mzimbabwe angathe kugula kudzera kwa broker (wogulira anthu masheya) wa kwawo, pansi pa malamulo a kwawo, ndipo angathe kukwera basi kukaona pamene makina aima. Izi sizichotsa ngozi. Kampani yosaka mafuta ilibe chimene imagulitsa, ndiye ikafuna kuboolanso imasindikiza masheya atsopano, ndipo kagawo kako kamachepa ngati ndiwo zothiridwa madzi alendo akachuluka. Komabe wogulayo akubetcha pa chitsime cha kampani yakeyo, osati cha mnansi.

Ife kuno ku Zambia tilibe khomo lotere. Pa LuSE, msika wa masheya wa ku Lusaka, pali ZCCM-IH ya za migodi, mabanki, Zambeef, ndi Puma Energy Zambia imene imagulitsa mafuta opangidwa kale, koma yosaka mafuta palibe. Dizilo wathu amachokera ku Dar es Salaam m'paipi ya TAZAMA, makilomita 1,710 mpaka ku Ndola. Kampani yosaka mafuta ya Tullow inauluka ndi ndege yoyezera miyala kumpoto mu 2017, koma mpaka pano dziko lino silikumba mafuta akeake. Ndiye mnyamata wa ku Matero amene mtima wake watentha amathamangira ma app a pa foni, ena osadziwika n'komwe ku SEC, bungwe loyang'anira malonda a masheya. Kugula madola kuno n'kosavuta, choncho ndalama imatuluka msanga, koma zikavuta palibe ofesi ya pa Cairo Road imene ungakagogode.

Achibale a ku Lilongwe ali ndi vuto lawo. Boma linapereka ziphaso zosakira mafuta pa Nyanja ya Malawi mu 2011, kampani ya Surestream ili m'gulumo, mkangano wa malire ndi Tanzania n'kudzukanso, asodzi n'kuda nkhawa ndi chambo, ndipo mafuta sanatulukebe. Kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti kugula sheya ya ku London kukhale ntchito yaikulu, moti ambiri amakhalira masheya a mabanki pa msika wa ku Blantyre ndi banki m'khonde.

Ngakhale chitsime chitapezadi, nthawi yake ndi yaitali. Uganda inapeza mafuta ku Lake Albert mu 2006, ndipo 2024 inatha isanagulitse kunja. Mozambique inapeza gasi wa ku Rovuma mu 2010, chombo choyamba chonyamula gasiyo n'kunyamuka mu Novembala 2022. Ndalama ya chilimba, imene Januwale ikuiyembekezera pa fizi ya ana, singadikire zaka 12.

Ndinapempha alamu kuti tiwerengere limodzi zikalata za kakampani kawoko tisanapite kunyumba. Tinakhala pa matumba a simenti, n'kufufuza zinthu zitatu: kali ndi gawo lalikulu bwanji m'mundamo, kali ndi ndalama zingati kubanki, ndipo tsiku loboola lakhazikitsidwa kapena ayi. Gawo linali laling'ono, ndalama zinali zongokwanira malipiro a mabwana, ndipo za tsiku loboola analemba kuti akufunabe mnzawo wodzalipira. Alamu anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati aikapo K500 yokha, yotsalayo akagulira malata a khitchini.