Chenjezo kwa inu amene mukudikira chimbale china cha WITCH

Ana anga, ndakhala ndikungowerenga zimene mumalemba pa intaneti, zoti mwatopa kudikira chimbale china cha WITCH, gulu la oyimba la ku Zambia, osayankhapo kanthu, koma zimene zachitika pakhomo panga Lamulungu lapitali zandikakamiza kuti ndilankhule. Mdzukulu wanga wa zaka 19, amene ndinamuphunzitsa ndekha kukonda Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, analowa m'nyumba ali wefuwefu, foni ili m'manja. "Agogo, nyimbo yatsopano ya WITCH yatuluka mobisa, ena ayiba ku situdiyo, tamverani!" Ndinamuuza kuti ayiyike pafupi ndi khutu lakumanja, poti lakumanzereli linagontha kalekale. Gitala analira mokalipa ngati wa masiku aja, mawu nawonso akumveka ngati a Jagari, woyimba wamkulu wa gululi. Koma mphindi imodzi isanathe ndinamubwezera foni yake. Woyimbayo sankapuma. Mzere ukatha wina unkayamba pomwepo, osamva munthu akukoka mpweya, osamva kukhosi kukukanda monga kumachitira kwa munthu amene wadutsa zaka 70. Atafika pa mawu a Chinyanja lilime linapotoka, katchulidwe kake ka munthu amene sanakhalepo pabwalo ndi anthu athu. Sanali a Jagari aja. Inali kompyuta yophunzitsidwa kutsanzira mawu awo.

Nditamufunsa bwinobwino, mnyamatayo anazyolika n'kuulula kuti tsamba limene anatengapo nyimboyo linalonjeza chimbale chonse kwa amene atumize ndalama pafoni. Anatumiza K15,000, ndalama imene mayi ake anamupatsa yoyendera kusukulu. Chimbale sichinabwere, nambala ija inasiya kupezeka, ndipo iye anali atatumiza kale nyimbo yabodzayo m'magulu atatu a WhatsApp ndi mawu akuti gawirani ena isanachotsedwe.

Ine ndinabadwira ku Kitwe, bambo anga akugwira ntchito mumgodi wa Nkana, monga anachitira Amalawi ambiri nthawi imeneyo. Gulu la WITCH linayambira mumzinda womwewo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ndinaliona ndi maso angawa ndili mnyamata. A Emanuel Chanda ankadumpha pasiteji ngati sakumva kulemera kwa thupi, n'chifukwa chake anthu anawapatsa dzina la Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones la ku England, iwo n'kulikhotetsa kukhala Jagari. Chimbale cha Lazy Bones!! cha 1975 bambo anagula ndi malipiro a mwezi, n'kutiletsa tonse kuchigwira ndi manja a nsima. Ndikamalankhula za gululi, ndikulankhula za anthu amene ndinawaona akutuluka thukuta.

Ndinaonanso mmene zinathera. Mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama inasowa m'matumba mwa anthu ogula zimbale. Ndege za asilikali a Rhodesia zitayamba kuponya mabomba mu Zambia, boma linaletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa magetsi, ndiye oyimba akanayimbira ndani masana dzuwa likuswa mtengo? Kenako anabwera makaseti ojambulira, munthu mmodzi kugula, mudzi wonse kukopera. Edzi inadzamaliza zotsalazo, inatenga oyimba a Zamrock ambirimbiri. Pa anthu amene anayambitsa WITCH, otsala ndi moyo ndi a Jagari okha. Iwowa anakhalapo mphunzitsi, kenako anakalowa m'maenje kukumba miyala yamtengo wapatali kuti ana adye. Chimbale cha Kuomboka chitatuluka mu 1984, panadutsa zaka 39 gululi lisanatulutsenso nyimbo zatsopano, mpaka Zango mu Juni 2023. Sogolo inatsatira mu Juni 2025. Ife kuno timati tsogolo, abale athu a ku Zambia amachotsa chilembo choyambacho, koma tanthauzo ndi lomwelo, ndipo zinandikhudza kuona mkulu amene anaika m'manda anzake onse akupatsa chimbale dzina lotere.

Ndiye inu, amene mwalandira zimbale ziwiri m'zaka ziwiri, mukuti mwatopa kudikira chachitatu. Mwatopa ndi chiyani? Fulumira anadya gaga, ndipo gaga wake ndi ameneyu mdzukulu wanga wamudya. Akuba apa intaneti amadziwa kuti munthu wa phuma safunsa. Amayang'ana dzina limene anthu akulitchula kwambiri, n'kupanga nyimbo yonamizira, n'kuikapo linki. Ena akufuna ndalama zanu, ena akufuna nambala yachinsinsi ya akaunti yanu ya Facebook kuti azipemphera ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Musaganize kuti khutu lanu ndi lakuthwa moti simungapusitsidwe. Mu 2025 gulu lina lotchedwa The Velvet Sundown linafika pa omvera oposa 1 miliyoni pamwezi pa Spotify, tsamba lomvererapo nyimbo, zithunzi za oyimba zilipo, mayina alipo, kenako zinadziwika kuti nyimbo ndi nkhope zomwe zinapangidwa ndi kompyuta. Anthu ochuluka chotero anamvera osazindikira. Chimbale chenicheni chikamabwera, eni ake ndi kampani yawo amalengeza poyera pa masamba awo, ndi tsiku lomwe. Sichibwera kudzera kwa munthu wosadziwika amene akukuuzani kuti mufulumire.

Ndipo tiyerekeze kuti nyimboyo inalidi yeniyeni, yobedwa ku situdiyo. Mukanakondwera? Mu 2008 ku America, munthu wina anaika pa intaneti nyimbo 9 za gulu la Guns N' Roses chimbale chawo cha Chinese Democracy chisanatuluke, chimene anthu anachidikira zaka zoposa 10. Apolisi a FBI anakamunyamula kunyumba kwake. Kuno nako lamulo la umwini wa ntchito zaluso lilipo, COSOMA ilipo, ku Zambia kuli ZAMCOPS. Koma ine sindikukuopsezani ndi apolisi. Ndikunena za manyazi. Nyimbo yosamaliza ili ngati nsima yosapsa, mayi akadali kuvundula, inu mwatsomphola mtanda n'kuthamanga nawo kumsewu kukauza anthu kuti m'nyumba muno saphika bwino.

Chimene chandiwawa kuposa ndalama ya mdzukulu wanga ndi pakamwa panu. Ndawerenga ena akulemba kuti nkhalambazi zipume, zatha ntchito. Ena akuti iyi si WITCH, ndi bandi ya azungu yobwereka dzina, poti masiku ano a Jagari ndi a Patrick Mwondela, woyimba kiyibodi wa gululi, amayimba limodzi ndi anyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Funso loti gulu limene latsala ndi woyambitsa mmodzi likadali gulu lomwelo ndi funso labwino, ndipo inenso ndimalisinkhasinkha. Pali nyimbo zina zatsopanozi zimene ndimamva kuti zasalala kwambiri, ndimasowa fumbi lija la zojambula zakale. Zoterezi tingakambirane mpaka tambala kulira. Koma kambiranani mutamvera chimbale chonse, osati masekondi 30 amene wina wakutumizirani. Ndipo dzifunseni kuti pamene a Jagari anali m'dzenje ndi fosholo, ife eni nyimbozi tinali kuti. Zimbale zakale zija anazifukula ndi kuzitulutsanso ndi a Now-Again Records a ku Los Angeles. Amene anapanga filimu ya moyo wa gululi ndi Gio Arlotta wa ku Italy. Ifeyo tinali kubenetsa nyimbo pamsika, kulipira wobena, woyimba osaona ngakhale tambala imodzi. Lero alendo athandiza kudzutsa chimene ife tinachisiya chikufa, ndiye tayamba kuwerenga khungu la woimba gitala. Mukuiwalanso kuti Zango anakajambulira ku DB Studios mu Lusaka, kumene kunajambulidwa Lazy Bones!!, ndi kuti m'menemo muli mawu a Theresa Ng'ambi, Hanna Tembo ndi Sampa the Great, ana a ku Zambia konko.

Za ukalamba ndisachulukitse. Rolling Stones anatulutsa Hackney Diamonds mu Okutobala 2023, patatha zaka 18 osatulutsa chimbale cha nyimbo zawozawo zatsopano, Mick Jagger ali ndi zaka 80, woyimba ng'oma wawo Charlie Watts atamwalira mu 2021. Chimbalecho chinapata mphoto ya Grammy. Anthu amsinkhu umenewu akalowa mu situdiyo amalowa ndi mawondo owawa, ndi mankhwala m'thumba, ndi mipando ya anzawo yopanda anthu. Alibe nanu ngongole. Mwana woleredwa bwino satukwana agogo a mnzake pamsewu, ndipo kukhala kuseri kwa foni sikusintha kanthu. Mawu amene mukulembawo ana awo ndi adzukulu awo amawerenga.

Ngati mumalikondadi gululi, mverani Zango ndi Sogolo kudzera m'njira zimene zimafikitsa kanthu kwa eni ake, ngakhale kachepe bwanji. Wokhala ku Johannesburg kapena ku London amene ali ndi mwayi wogula chimbale chenicheni kapena tikiti, agule. Mukalandira nyimbo yoti yatuluka mobisa, musaitumize kwina. Mufunseni wakutumiziraniyo kuti waitenga kuti, ndipo akayamba kuzungulira, ifufuteni. Ndalama musatumize kwa munthu amene simukumudziwa, ngakhale tsamba lake likhale ndi chithunzi cha a Jagari akumwetulira. Inu oyang'anira magulu, ntchito yanu si kungolandira anthu atsopano, chotsani malinki amenewa msanga, ndipo wotukwana akuluakulu mumudzudzule pomwepo pagulu.

Mdzukulu wanga ndinamukhazika pamkeka madzulo omwewo, ndinamuuza kuti abwerere m'magulu atatu aja akalembe ndi dzina lake kuti nyimbo ija ndi yabodza ndipo iye waberedwa. Anakana kaye, akuti anzake amuseka. Ndinamuuza kuti asekedwe, bola wina asatumize ndalama. Analemba zala zikunjenjemera. M'magulu awiri anthu anathokoza. M'gulu lachitatu mtsikana wina anayankha kuti uthenga wafika mochedwa, iye anatumiza kale yake dzulo lake, ndipo inali ya mayi ake ya geni ya tomato.