"Timu imodzi yokha yandiphera"

Mawu awa anditopetsa. Dzulo pa siteji ya Area 25 mnyamata wakabaza amaonetsa anzake tikiti ya beti: magemu 10, asanu ndi anayi alowa, imodzi yafa. Anzake akumusisita pamsana, ati "man, munatsala pang'ono, mawa ndi yanu." Iye n'kunyamuka kukatenga katapila wa K20,000 kuti akabwezere. Munatsala pang'ono chiyani? Simunatsale pang'ono, achimwene. Munaluza, ndipo tikitiyo inapangidwira kuti muziluza chomwecho.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti timu iliyonse mwasankhayo ndi yamphamvudi, imapambana magemu 7 pa 10 alionse. Timu imodzi payokha ndi bwino ndithu. Koma kuti onse 10 apambane pamodzi muchulukitse 0.7 kakhumi, mupeza 0.028. Matikiti atatu okha pa 100. Tsono mvetsani apa: mwayi woti magemu 9 alowe, imodzi yokha ife, ndi 12 pa 100. Ndiye kuti "kuphedwa ndi timu imodzi" kumachitika kanayi kuposa kuwina. Si tsoka, si ufiti, si refa. Ndi mmene masamu ake alili, ndipo mutu wa munthu umamva ngati wagogoda pakhomo la chuma pomwe ali kunja kwa mpanda.

Ndalama zake nazi. Pa timu yotere ma odds oyenera (nambala yomwe amachulukitsa nayo ndalama yanu mukawina) ndi 1.43, koma a kampani ya beti amakupatsani ngati 1.35. Kusiyanako kukuoneka kochepa pa gemu imodzi, koma pa magemu 10 kumaunjikana. Tikiti ya K2,000 ikuonetsa kuti mudya K40,000, mtima phaa. Betchani matikiti 100 otere: mwaponya K200,000, mwawina katatu, mwalandira K120,000. K80,000 yapita, ndipo apa ndakukonderani poganiza kuti mumadziwadi mpira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

China chondinyansa ndi ichi cha "ndaluza kasanu motsatizana, ulendo uno ilowa basi." Ilowa chifukwa chiyani? Tikiti ya lero siidziwa kuti dzulo munalira. Kandege kaja ka gemu ya juga ya pa foni kakagwa msanga kasanu, sikakhala ndi ngongole yanu pa ulendo wachisanu ndi chimodzi. Mu 1913 ku kasino ya Monte Carlo kampira ka pa gudumu la juga kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu ankaunjika ndalama pa wofiira ati nthawi yake yakwana, n'kusaukiratu pomwepo. Kampirako sikankakumbukira zam'mbuyo, tikiti yanunso siikumbukira.

Akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa kale mu 1979 kuti munthu akataya ndalama amayamba kulimba mtima pa zoopsa, chifukwa kuwawa kwa kutaya kumaposa kukoma kwa kupeza ndalama yofananayo. N'chifukwa chake yemwe anayamba ndi K500 amafika poika K20,000 ya katapila. Sakusaka phindu ayi, akungothawa kuvomereza kuti ija yapita. Inde ntchito kulibe, zinthu zakwera, tikudziwa, koma 0.7 kuchulukitsa kakhumi sisintha chifukwa chimanga chadula.

Ndipo inu oika matikiti owina pa status ya WhatsApp, ikaninso 97 aja munang'amba. Mwana wa Form 3 ku Kawale akuona K40,000 yanu, sakuona zotsalazo, n'kumaganiza kuti aliyense akuwina kupatula iye. Osanena za awa ogulitsa "magemu otsimikizika" pa K5,000 m'magulu. Munthu wodziwa zotsatira za mawa angavutikirenji kupempha K5,000 yanu pa Airtel Money? Amagawa anthu pawiri, awa awauza timu iyi, awo timu inayo, oluza awachotsa m'gulu, owinawo ndiye amasanduka mboni.