Nkhondo ya ku Ukraine si chifukwa chokhacho

Inu amene mwalemba za kukwera kwa mitengo, mwachita bwino kuyerekeza mmene mitengo ya zinthu ikukwerera m'mayiko a mu Africa, koma pamene mwanena kuti gwero lake ndi nkhondo ya ku Ukraine, pamenepo ndikutsutsani. Nkhondoyo inakwezadi mtengo wa tirigu, feteleza ndi mafuta, koma inakwezera aliyense. Nanga bwanji ku Ghana mu Disembala 2022 mitengo inali itakwera ndi 54 peresenti poyerekeza ndi chaka chapita, pomwe ku Côte d'Ivoire sinafike n'komwe pa 10 peresenti? Mayiko awiriwa ndi oyandikana, ndipo onse amadalira koko.

Nkhani yagona pa ndalama. Côte d'Ivoire imagwiritsa ntchito ndalama yotchedwa CFA franc, yomwe inamangiriridwa ku yuro, choncho siigwa chisawawa, ngakhale kuti dzikolo lilibe ufulu woyendetsa ndalamayo palokha. Cedi, ndalama ya ku Ghana, inagwa koopsa mu 2022 boma litalemedwa ndi ngongole, ndipo katundu yense wochokera kunja anadula nthawi yomweyo.

Ku Nigeria nako, mu 2023 Pulezidenti Tinubu anachotsa sabuside pa petulo, ndalama ya dzikolo, naira, n'kuisiya kuti ipeze yokha mtengo pamsika. Mu 2024 mitengo inakwera kupitirira 30 peresenti. Taganizani munthu wa ku Lagos amene malipiro ake sanasinthe, koma ya basi yokha ikumudyera ndalama ya chakudya cha ana.

Chimandiwawa n'chakuti manambalawa amaphatikiza zinthu zonse pamodzi, pomwe wosauka ndalama zake zambiri zimathera pa chakudya. Chonde ulendo wina mudzationetse za chakudya pazokha, dziko ndi dziko.