Tchuthi cha Heroes ndi Unity tichidyere mu Lusaka momwe muno

Anzanga, Julaye akamayandikira ambiri mumayamba kufunsa mtengo wa ndege ya ku Cape Town, ati kukalawa vinyo. Amene thumba likulola pitani, minda ya mpesa ili komweko. Koma dziwani kuti Juni ndi Julaye kumeneko ndi nyengo ya mvula, pamene kuno kumwamba kuli mbee, usana kadzuwa kofunda, usiku kuzizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Lolemba loyamba la Julaye ndi Heroes Day, Lachiwiri lake Unity Day, ndiye kuti masiku anayi osapita ku ntchito. Maganizo anga ndi akuti pa chaka chonse ino ndiyo nthawi imene Lusaka amakomera vinyo, ndipo ndalama ya tikiti ingagule mabotolo abwino, chakudya cha anthu asanu ndi atatu, n'kutsalako yogulira chithunzi cha mmisiri wa kwathu.

Yambani ndi maso, pakamwa pambuyo. Loweruka cha m'ma 10 koloko lowani ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue, kenako ku Showgrounds kumene kuli Henry Tayali Visual Arts Centre. Tayali anamwalira mu 1987, ndipo ndi amene anapanga chifanizo cha The Graduate chimene chili pa yunivesite ya UNZA (University of Zambia), chija ambiri timajambulitsapo osadziwa mwini wake. Analinso m'gulu la anthu amene anayambitsa Lechwe Trust mu 1986 pamodzi ndi Cynthia Zukas, ndipo zaluso zimene bungweli lasonkhanitsa zimaonetsedwa ku Rhodes Park. Malo awiri kapena atatu pa tsiku akwana. Mukachulutsa, pofika masana maso amakhala atatopa, zithunzi zonse n'kumaoneka zofanana. Imbani foni musananyamuke, chifukwa pa tchuthi malo ena satsegula.

Chithunzi chikakugwirani mtima, funsani dzina la wojambula, chaka, ndi utoto umene anagwiritsa ntchito. Ngati nsalu yake mukuitenga yopanda felemu, ikulungeni utoto uli kunja. Mukaukulungira mkati umapanikizika n'kuyamba kung'aluka. Ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road, chosema chakuda bii chipukuteni ndi kansalu koyera, chifukwa ena amapaka polishi ya nsapato pa mtengo wamba. Yang'ananinso pansi pake: timabowo totuluka ufa ndiye kuti muli anankafumbwe, ndipo akasamukira ku mipando yanu. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma munthu wasema mlungu wathunthu musamufinye mpaka atsale opanda ya ufa. Zimenezi zimandiwawa ndikaziona.

Tsopano vinyo. Wambiri amene ali m'masitolo muno amachokera ku South Africa, ndipo mdani wake wamkulu ndi kutentha. Botolo loima pawindo dzuwa likuliwomba lisiyeni, ngakhale atalitsitsa mtengo. Chitsekerero chikatukuka pang'ono kapena pakhosi pakakhala zodontha zouma, vinyoyo anapsa m'njira. Woyera wotchipa asapitirire zaka ziwiri kapena zitatu kuchokera pa chaka cholembedwa pa botolo, sanapangidwire kusungidwa.

Anthu asanu ndi atatu, mabotolo asanu ndi limodzi. Botolo ndi mamililita 750. Mukathira 50 pa munthu, mwatha 400, ndipo 350 yatsalira chakudya. Gulani Sauvignon blanc ndi Chenin blanc (oyera), rosé (wofiirira), Pinotage ndi Shiraz (ofiira), ndi limodzi lotsekemera, ndipo mulawe motsatana choncho. Ndikudziwa kuti ambiri kuno timakonda wofiira wotsekemera, palibe cholakwa, koma akhale womaliza. Shuga akangokhala pa lilime, aliyense wobwera pambuyo pake amamveka wowawasa, inu n'kumanyoza botolo losalakwa. Pinotage musamudumphe: ndi mpesa wa ku South Africa kwenikweni, Abraham Perold anaupeza mu 1925 pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut. Kulungani mabotolo m'nyuzipepala n'kulemba manambala, kuti anthu aweruze ndi pakamwa osati ndi mtengo.

Apa m'pamene kuzizira kwa Julaye kumatithandiza. Wofiira amafuna madigiri 15 mpaka 18, ndipo chipinda chosalowa dzuwa nyengo ino chimakhala pomwepo. Mu Okutobala botolo lomwelo limafunda, mowa wake n'kumabaya m'mphuno. Chonde musaliike pafupi ndi mbaula ati lifunde. Woyera amafuna 8 mpaka 12, pamene firiji imazizira kuposa apo, choncho mutulutseni mphindi 20 musanathire, apo ayi fungo lake limabisala. Magetsi akathima, beseni la madzi ndi ayisi ndi mchere wodzaza dzanja limaziziritsa botolo pasanathe theka la ola.

Matambula akhale ofanana, otsukuluzidwa bwino kuti sopo asatsalire. Uzani alendo asadzithire perefyumu. Thirani pang'ono, zunguzani, nunkhizani, kenako pakamwa. Mukamva fungo la katoni yonyowa, vuto ndi chitsekerero, vinyo ameneyo sachira ngakhale mumusiye maola angati. Pakati pa botolo ndi botolo, madzi ndi buledi wopanda kanthu basi.

Chimene ndimakana kwambiri ndi maganizo akuti vinyo amafuna tchizi ndi zakudya za kunja. Chikanda chodulidwa mopyapyala ndi Chenin blanc wozizira zimagwirizana bwino zedi: nsinjiro zili ndi mafuta, ndipo kuwawasa kwa vinyoyo kumatsuka pakamwa. N'chimodzimodzi ndi chibwabwa kapena lepu wotendera. Koma tsabola achepe. Tsabola wambiri akakumana ndi Shiraz, moto wake umawirikiza ndipo simumvanso china chilichonse. Kapenta wokazinga wouma bwino apite ndi Sauvignon blanc. Mukamuphatikiza ndi wofiira, pakamwa pamatsala kukoma kwa chitsulo. Bream yootcha nayo ikufuna woyera kapena rosé. Mbuzi yootcha pa makala, ya mchere wokha, ndiyo ya Pinotage ndi Shiraz, chifukwa mafuta a nyama amafewetsa kukhakhala kuja kumene wofiira amasiya m'nkhama. Nkhuku ya kumudzi yophika ndi tomato ndi anyezi imalola mbali zonse ziwiri. Nsima ibwere mutamaliza kulawa, pakuti ikakhuta m'mimba palibenso amene amasamala za botolo lachisanu. Pomaliza, mbatata yootcha, imene nyengo ino ili mbwee pa misika, ndi vinyo wotsekemera uja.

Yambani cha m'ma 3 koloko masana pakhonde, kuwala kudakalipo koti muone mtundu wa vinyo m'tambula, poti dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Wootcha nyama akhale kumene mphepo ikupita, utsi usabwere pa tebulo. Kukazizira mukalowa m'nyumba, mbaula itsale panja. Makala oyaka m'chipinda chotseka amapha anthu ali m'tulo, ndipo munthu amene wamwa sadzidzimuka msanga.

Kulawa kasanu ndi kamodzi pa 50 ndi mamililita 300, kuyandikira theka la botolo, chakudya chisanafike n'komwe. Amene wamwa chonchi si munthu woti agwire chiwongolero pa Great East Road usiku. Panganani za takisi musanatsegule botolo loyamba, kapena pakhale mmodzi amene akulavulira m'kapu, monga amachitira akatswiri olawa. Vinyo wotsala mutsekeni, muike m'firiji ngakhale ali wofiira, ndipo mumalize pasanathe masiku atatu.